Opaleshoni ya m'buku la Nellie

Lachiwiri

Tiyanjane 09:12
mayi aang'ono, ambulance yatifikitsa mtauni. amayi awagoneka, ali pa drip. thupi likuotchabe, mkodzo wamagazi

Tiyanjane 09:14
adokotala afunsa ngati anapangidwapo opaleshoni. ndati ayi. amayinso ati ayi

Nellie 09:31
ok mwana wanga. Mulungu alipo

Tiyanjane 11:05
abweranso. akuti pansi pa mchombo pali tizipsera tiwiri, nde pa scan akuona kanthu m'chikhodzodzo. amayi angotembenukira kukhoma. inu ndi mng'ono wawo, mukudziwapo kanthu?

Tiyanjane 11:40
mayi aang'ono?

Tiyanjane 12:58
ma tick ali blue. mwawerenga

Nellie 13:20
ndinali kudimba. abambo ako ali pompo?

Tiyanjane 13:21
ayi, atsala ndi fodya ku Nsaru. bwanji?

Nellie 13:34
🎤 1:12
Umvere pawekha, usakweze. Ukukumbuka 2016, ine nditapita ku opaleshoni, mayi ako nkupita kukandidikirira? Wodwala sindinali ine, Tiya. Iwe utabadwa, mkodzo unayamba kuwapulumuka. Kutsokomola, kuseka, kusenza ndowa, basi chitenje chanyowa. Kuchigwirizano ankakhala kumbuyo, kuyimba analeka. Titamva kuti kwabwera madokotala oika kalamba kogwira njira ya mkodzo, anati apite. Koma mabuku a kuchipatala a pakhomo panu amasunga abambo ako, ndipo amawerenga tsamba lililonse. Mkazi wa mkulu wa mpingo azikamba zimenezi? Ndiye analowa ndi buku langa, dzina langa. Wodikirira wogona pansi ndinali ine.

Tiyanjane 13:39
nkhuku ija tinakubweretserani inu

Nellie 13:40
ndinadya, manyazi ali tho

Tiyanjane 13:41
zaka ziwiri ku health centre akungowapatsa ma antibiotic, akuti ndi infection wamba. inu mukudziwa, muli phee?

Nellie 13:43
ndinalumbira. komanso zinawathandiza, zaka zisanu ndi chimodzi ali gwa, kuyimba kutsogolo. unkaona wekha

Tiyanjane 14:25
ndawauza adokotala. akuti kalambako kakhoza kukhala kuti kanaboola chikhodzodzo, matenda afika ku impso. akufuna bukulo aone mtundu wake ndi momwe anakaikira. lilipo eti?

Nellie 14:50
lili musutikesi. palinso zina

Tiyanjane 14:51
zina ziti

Nellie 15:02
nambala imene analemba m'buku ndi yanga. chaka chilichonse nesi amaimba. a Nellie muli bwanji, pokodza pamapweteka, mukuona magazi?

Tiyanjane 15:03
nde mumati chani

Nellie 15:09
ndimati ndili bwino. amathokoza, amati alemba

Nellie 15:11
chaka chatha anati mubwere tikuoneni, anzanu ena kayamba kuwavuta. ndinawauza mayi ako. anati abambo ndikawauza kuti ndikupita kukatani?

Nellie 15:30
Tiya yankha. ngakhale unditukwane

Tiyanjane 16:44
tumizani zithunzi za tsambalo

Nellie 16:58
📷 📷

Tiyanjane 17:06
sizikuwerengeka, camera yanu ndi yakufa. mubwere nalo mawa, minibus yoyamba. ward ya amayi, bedi 14

Tiyanjane 17:20
amayi adziwa kuti mwaulula. sanakalipe. angoti abambo asamve. akunjenjemera, mabulangete atatu. ndikuopa

Lachitatu

Nellie 06:02
ndakwera. abambo ako andipeza pa stage, akuti bwanji mwanyamula buku, mwadwalanso? ndati check up

Nellie 06:03
agona bwanji?

Nellie 07:48
tadutsa Msundwe. Tiya?

Nellie 08:30
📞 sanayankhe

Nellie 09:17
ndafika. pa bedi 14 pagona munthu wina

Nellie 09:19
📞 sanayankhe

Nellie 09:26
ndapereka buku kwa nesi. akuti muno mulibe Nellie. ndati wodwalayo ndi Helena Jailos, mkulu wanga

Nellie 09:28
wandiyang'ana, wapita kukaitana a sister

Nellie 09:29
Tiya, bwanji akuti ndikhale kaye pansi