Pokhala amayi pa chinkhoswe cha Melody

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Amayi akana kubwera ku chinkhoswe cha mng'ono wanga Melody ndi bwenzi lake Terrance. Akanira pa foni, mofatsa, ngati akunena za nkhuku. "Mukachite bwino, ana anga. Ine ndimvera konkuno ku Pembamoyo."

Kwatsala masiku khumi ndi awiri. Mwambo udzachitikira pakhomo panga kuno ku Zemba, poti Melody wakulira pano.

Chifukwa sanatchule, koma ndikuchidziwa. Maondo. Pa maliro a mwezi watha anakhala pamphasa maola atatu, podzuka zinakanika. Azimayi awiri anachita kuwakoka m'khwapa, chitenje n'kumasuka pang'ono, anthu onse akuona. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso pagulu. Ngakhale ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, kumene sanajombepo chibadwire changa.

Ndinati tidzawaikira mpando. Anaseka. "Ine pampando? Alongo anga ali pompo, akamwini ali pompo? Unkhoswe ndauyamba liti?"

Zaka khumi ndi zinayi ndili namwino. Dzina la matenda awo ndimalidziwa, mankhwala ndimawadziwa. Powakhazika sindikupadziwa.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Melody wamva. Walira akusenda mbatata. "Bambo kulibe, amayinso kulibe. Akwawo kwa Terrance adzati ndine wotola panjira?"



Lachitatu, 7 Ogasiti

Kuchipatala kunali phee masana. Theresa, namwino mnzanga, amandionetsa pa foni nyumba ya mchemwali wake wa ku Lusaka. Pakona pa chipinda chochezera panali chinthu chobulungira ngati dzungu lalikulu, chokutidwa nsalu. Chilibe miyendo, chilibe potsamira. Akuti pufu. Ena amakhalapo, ena amaikapo mapazi, ena thireyi ya tiyi.

Ndinamulanda foniyo. Chinthu chopanda miyendo chingakhale pamphasa! Amayi adzakhala pakati pa azimayi anzawo, pamphasa ndithu, kungoti mphasayo yatupa pamalo amodzi.

Ndatenga tepi yoyezera mimba, ndadziyeza kuchokera pachidendene kufika kuseri kwa bondo. Masentimita 41. Ine ndi amayi ndife ofanana kutalika. Munthu wa maondo amadzuka bwino pokhala pakafika m'bondo kapena kupitirira pang'ono. Ndalemba 45.

Madzulo ndajambulira amuna anga a Fanwell papepala, mbali zitatu. Ayang'ana n'kuti, "Ndi matayala awiri amenewa, Cathy. Ungonena."

Lachisanu, 9 Ogasiti

A F. abwera ndi matayala awiri akutha kuchokera ku boma. Ndawatsuka katatu. Awamanga ndi mabawuti, pamwamba thabwa lozungulira. Aneba atipatsa thonje lomwe linakanidwa pogulitsa, ndakhala madzulo onse ndikuchotsa njere ndi zitsotso. Monika telala wasoka chokutira ndi chitenje cha maluwa ofiira. Wandithamangitsa pamashini pake. "Anamwino, mukayezanso kachinayi mudzisokera nokha."

Yatuluka 46. Sentimita imodziyo yandisowetsa mtendere, koma yokongola ndiye yokongola.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ndapita nayo ku Pembamoyo pa njinga yamoto, nditaikumbatira ngati mwana. Fumbi lokhalokha.

Amayi anaizungulira kawiri. "Ng'oma imeneyi?" Anaidina ndi chala. Kenaka anakhala. Kenaka anadzuka. Okha, osagwira kanthu! Anabwereza katatu, kachitatuko akuseka. Ine misozi inali pafupi.

Atakhala kachinayi anayang'ana uku ndi uku, nkhope n'kusintha.

"Chakwera ichi. Mutu wanga udzaposa wa a Philemon."

A Philemon, malume athu, mlongo wawo wamkulu wa amayi, ndiwo nkhoswe ya Melody. Kulikonse kumene apita amamanga mpando wawo wandalema panjinga. Sakhalira wina. Ndipo mpandowo nsalu yake inatamuka kalekale, akakhalapo amachita ngati ali m'dzenje.

Ndinapita kwawo ngati kukapereka moni. Iwo anali kumsonkhano wa akulu ampingo, kokhako kumene sapita ndi mpandowo. Azakhali ali kukhitchini, ndinatulutsa tepi. Pamene pamatsikira thupi, 28.

Ndinayeza bondo, ndinaiwala malume.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Pufu yachiwiri. Tayala limodzi, thonje lochindikala. Monika wangotambasula dzanja kulandira nsalu.

Ndayesera agogo a pafupi nafe, nawonso a maondo. Pa 34 adzuka atatsamira ndodo. Nditachotsa thonje kufika 29, akanika, andiyang'ana moipa. Ndabwezera thonje. Ndiye 34, sindingatsike kuposa apo. Malume ali pa 28, ndi aafupi, komanso amakhala chogonera.

A F. akuti, "Cathy, ku chinkhoswe anthu sabwera ndi tepi."

Ndati amayi tepi yawo ili m'maso.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndinaganiza zokumba kadzenje pabwalo, tayala lilowe pansi pang'ono, mphasa pamwamba. Ndinafika potenga khasu. Kenaka ndinazindikira kuti mapazi awo adzakhalabe pamwamba pa dzenjelo, ndiye bondo lipinda chimodzimodzi. Ndabweza khasu. Bwino palibe amene anandiona.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Amayi avomera kubwera, koma theka. "Ndikaona ndili komweko. Zikakanika ndikhala m'chipinda, ndizimvera pazenera."

Ndinapempha a F. kuti akauze malume asiye mpando wawo. Akuti, "Mkamwini akauze malume pokhala? Ukufuna ndisamuke?" Zoona. Inenso sindingayerekeze.

Pufu yaitali ija yapeza ntchito. A F. amaikapo mapazi akamamvera mpira. Dzulo inali tebulo la tiyi.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Amayi afika pa galimoto ya abusa. A F. awalonjera atanjuta kuseri kwa chitseko monga mwa masiku onse. Amayi ayesa pufu yaifupi m'chipinda. Adzuka ndi ndodo, bwinobwino. Afunsa chabe ngati zenera la chipindacho limatseguka.

Ndawerenga mbale kawiri, makapu katatu. Mutu ukundiwawa.

Loweruka, 17 Ogasiti

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Mphasa tinayala pansi pa mango, pufu yaifupi pakati pake. Mabenchi a azibambo mbali ina. Akwawo kwa Terrance anafika nthawi yabwino, tambala ali m'manja. Amayi ali m'chipinda, nsalu ya pazenera itapatuka pang'ono.

Malume anatulukira cha m'ma teni, ndalema ili pakaliyala. Anatsamiritsa njinga, n'kuyamba kumasula chingwe. Kenaka anaima. Kutsogolo kwa mabenchi, pamalo enieni a nkhoswe, panali pufu yaitali, maluwa ofiira ali psuu padzuwa. Sindine ndinaiika pamenepo.

"Akamwini, ichi n'chiyani?"

A F. ananjuta. "Za ku Lusaka, malume. Amakhalapo akuluakulu. Koma mwina simungachizolowere, mpando wanu ndi wabwino."

"Ndani wanena kuti sindingachizolowere?"

Anakhala. Anadzigwedeza. Anadzigwedezanso, mapazi akungokhudza pansi ndi zala. "Muli masipuling'i umu?"

"Matayala awiri, malume."

"Awiri! Ndiye lero ndikamba milandu ndili pagalimoto." Azibambo onse anaseka, ndipo nkhoswe ya kuchimuna inapempha kuyesako. Malume anakana. "Aliyense akwere yake."

Ndalema inatsala panjinga, chingwe chili lendee.

46 kuchotsa 34. Sindinafune tepi. Ndinacheuka pazenera, nsalu inali itabwerera. Kenaka chitseko. Amayi anatuluka ndi ndodo yawo, duku latsopano, n'kudutsa pang'onopang'ono mowerama kulonjera azibambo. Anafika pamphasa, anakhala. Azakhali anasendera pafupi n'kusisita chitenjecho. "Mlamu, mwakhala ngati nkhuku yofungatira." Amayi akuti, "Mazira ake ndi awa akukwatiwawa."

Atsikana atatu anatuluka atafunditsidwa nsalu kumutu. Terrance anazungulira, anayang'ana mapazi, analoza wapakati. Atavundukula, Melody sanayang'ane mwamuna wake. Anayang'ana pamphasa.

Ndipo amayi anadzuka. Ndodo inatsala pansi. Nthungululu yawo ndinali nditaiiwala mmene imamvekera.

Ine ndinathawira kukhitchini kukalira pa mbale zomwe ndinawerenga kawiri.

Alendo atapita ndinafunsa a F. kuti anaganiza liti zimenezi. Akuti Lachiwiri. Lachiwiri! N'kundisiya ndikutenga khasu? Akuti anandiona ndi khasulo. "Ndikanakuuza ukanapita kukawayeza malume."

Lamulungu, 18 Ogasiti

Malume anyamuka mmawa. Pakaliyala amanga pufu yaitali, osafunsa munthu. Ndalema aisiya pakhonde. "Akamwini azikhalapo." A F. akhalamo kale, maondo ali m'chibwano.

Tepi ndaibwezera m'chikwama cha kuntchito.

Amayi amadikira galimoto atakhala pa yawo, pansi pa mango. Anandiitana. Ndinathamanga, ndimati bondo.

"Cathrine, Monika uja angasoke chokutira china? Chakuda."

"Chakuda bwanji, amayi?"

"Lachinayi kuli Chigwirizano. Komanso kumaliro sindingapite ndi maluwa ofiirawa, anthu angandiseke."