Tasudzula Mkazi wa Loya

Kwathu pafupi ndi Mkaika,
Katete.
9 Okutobala 2023.

Okondedwa achimwene a Reuben,

Ndikhulupirira kuti miyendo yanu yayamba kumvera mankhwala, ndiponso kuti alamu ndi ana ali bwino ku Kitweko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa likutiwotcha ngati tinalilakwira. Musadabwe kuti ndagwira cholembera foni ilipo. Pa foni inu mumangoti "eya, eya, chabwino," ngakhale munthu akukuuzani kuti nkhokwe yapsa. Izi ndikufuna muwerenge mutakhala pansi, magalasi ali pamphuno.

Munandipempha kuti ndikufotokozereni za maliro a mng'ono wanu, achimwene a Damiano, popeza matenda anakuletsani kubwera. Tinawagoneka mwaulemu. Magalimoto a boma anadzaza mpaka kumunda kwa thonje. Anabwera aphungu anzawo a ku Nyumba ya Malamulo, komanso maloya atavala mikanjo yakuda m'kutentha konse kuja, thukuta lili kamukamu. Analankhula Chingerezi chachitali, kutchula mlatho uja anaumenyera nkhondo, zipatala zing'onozing'ono za m'midzi, ndi mlandu wa alimi a thonje amene kampani ina inkawabera pa sikelo. Zonsezo n'zoona, palibe chimene anawonjezera.

Koma ine amene anandiliza ndi amayi amasiye. Anachokera ku Sinda, ku Vubwi, ena wapansi, ena pa ngolo, osaitanidwa ndi munthu, n'kukhala paokha pansi pa mtengo wa mango. Mmodzi, mayi Abigail a ku Sinda, anangoimirira woyendetsa mwambo akuwakodola kuti akhale pansi. Anati, "Ine sindili pa pulogalamu, koma ndinena. Amuna anga atamwalira, abale awo anatenga ng'ombe, malata, mphasa yomwe. Bambo agona apawa anakandiimirira kukhoti, osandipempha ngakhale dzira. Lero amasiye tonse tafedwa kachiwiri." Achimwene, kulira kumene kunabuka pamenepo sindinakuonepo. Ngakhale wapolisi amene ankalondera bokosi anatembenukira kumbali.

Mukukumbukira mmene Loweruka linkakhalira pakhonde pawo. Munthu wovala suti ku Lusaka, kuno ankavula nsapato, n'kukhala pa kampando kotsika kumvetsera milandu ya minda ndi ya mbuzi mpaka mawu kusasa. Kuseri alamu a Jenipher, akazi awo, ali kalikiliki kugawa thobwa, chifukwa ena amafika osalawa kanthu chidzukire. Achimwene a Damiano ankaseka n'kumati, "Loya weniweni pano ndi Jenipher. Munthu akamwa thobwa lake, theka la mlandu latha."

Ndi za alamuwo zimene ndakulemberani, ndipo mtima wanga ukuwawa.

Maliro atapita, munaimbira foni mwana wanga Nason, monga mphwanu wamkulu, kuti alamu asudzulidwe msanga, asakhale chaka chathunthu m'zovala zakuda, poti malemu ankadana ndi kuzunza amasiye. Ndikudziwa kuti munanena ndi mtima wabwino. Koma mwakhalitsa kumigodi, achimwene. Mwaiwala kuti mkazi wa chitengwa, amene anasiya kwawo n'kudzakhala kwa mwamuna, akasudzulidwa ndiye kuti ukwati watha, amamanga katundu n'kubwerera kwa abale ake. Pakadakhala ana bwenzi atawaimirira mayi awo. Koma inu mukudziwa kuti m'nyumba muja Mulungu sanaponyemo mwana.

Akuluakulu anasonkhana pabwalo, n'kuwakhazika alamu pamphasa. Anawapaka ufa pamphumi, n'kunena kuti, "Mwatisungira bwino m'bale wathu. Tsopano ndinu mfulu, njira ya kwanu ndi yotsegula." Ine pakamwa panga mukupadziwa, sindinakhale chete. Ndinati, "Mfulu wopita kuti? Munthu anabwera pano ali mtsikana, lero imvi zili mbuu, kwawo n'kuti kopambana pano?" Nason anandiyankha pamaso pa anthu onse kuti, "Amama, khalani pansi. Awa ndi mawu a amalume a Reuben, mwini mbumba."

Alamu anadzutsa mutu. Anafunsa chapansipansi, "A Reuben ndiwo anena?"

"Ndiwo," anatero Nason.

"Basi, zikomo." Anaomba m'manja, n'kulowa m'nyumba.

Ndinene mosabisa, ngakhale ndi wobala ine. Nason ankafuna nyumba. Akuti ili pa nthaka ya mbumba, ndipo mwamwambo za amalume amalowa ndi mphwawo. Mwana ameneyu, achimwene! Amene anamuchapira yunifomu nthawi yonse ya sekondale ndi alamu omwewa. Atadwala malungo aakulu aja, anamubereka kumsana ndi iwowa, iye ali chimnyamata miyendo ikukwekwereza pansi. Ndikamuona akuyendayenda pakhonde paja makiyi akulira m'thumba, ndimachita manyazi ngati ndavulidwa pamsika. M'nyumbamo sindinapondemo, ndipo ndamuuza kuti asandiitane.

Maloya awiri, anzawo a malemu, anamva nkhaniyi n'kubwera kuchokera ku Chipata. Anawauza alamu kuti lamulo lili kumbali yawo, lamulo lomwelo limene amuna awo ankalilalikira m'midzi yonse ngati mlaliki. Anati kukhoti nkhaniyi siingachedwe n'komwe. Alamu anawaphikira tiyi, anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ana anga, dzina la a Damiano lamveka m'khoti zaka zonsezi likuteteza anthu. Lisakamveke tsopano likulimbana ndi magazi awo. Apumule." Ine ndinawakalipira kuti ulemu wotere ndi wopha, koma anangondigwira dzanja. Achimwene a Damiano analembera anthu ambirimbiri mawilo, makalata aja onena kagawidwe ka chuma munthu akamwalira, koma yawo ankangoti mawa, mawa.

Alamu anachoka pa kagalimoto konyamula mtedza. Anatenga makina osokera, mapoto, ndi sutikesi imodzi. Mgolo wa thobwa anausiya, ati anthu a Loweruka angadzasowe chomwera. Ndipo anthuwo akubweradi, amene uthenga sunawafike ndi ena ongofuna kudzapepesa. Amapeza geti lokhoma, mkati muli galu.

Sabata yatha ndinakwera minibasi mpaka ku Chipata, n'kupeza ina ya ku Vubwi, kukawaona. Achimwene, mukadawaona simukadagona. Makolo awo anatha kalekale, alongo awo onse ali kumanda. Akusungidwa ndi mwana wa mng'ono wawo, mkazi wabwino ndithu koma wa ana ambiri, ndipo anawapatsa kachipinda kosungiramo matumba a mtedza. Ana a pamudzipo amawatchula kuti agogo a ku Katete. Shuga wakwera, miyendo yatupa, chitenje chikuchita kuzungulira kawiri. Anandifunsa ngati maluwa a pamanda akuthiriridwa. Ndinanama kuti inde.

Ndinawauza kuti ndikulemberani kuti abwerere m'nyumba mwawo. Anakana. Anati, "Nyumba musiyireni Nason, ndi mwana wanga yemwe. Ine chimene ndikupempha n'chimodzi. Ndikadzatsikira kuli chete, mudzandigoneke pambali pa a Damiano. Ankaopa kukhala okha, anthu aja. Ngakhale ku Lusaka ankanditenga."

Nditabwerako ndinakafunsa akuluakulu. Akuti wosudzulidwa si wathunso, amaikidwa kumanda a kwawo. Akuti amene anamasula ndiye angamangenso, ndipo ameneyo ndi inu.

N'chifukwa chake ndagwada pamaso panu, achimwene. Ngati miyendo ikukana, lembani ndi dzanja lanu mawu oti adzawerengedwe pabwalo mbumba yonse ikumva, kuti Jenipher ndi wathu, wamoyo kapena wakufa. Musadutsirenso kwa Nason. Ndipo musachedwe, chonde. Mvula ikayamba msewu wa ku Vubwi umavuta, komanso mmene ndinawaonera alamu, sindikudziwa ngati adzadya chimanga chachiwisi. M'bale wathu anatha moyo wake akubwezera amasiye a eni pakhomo pawo. Ake tawataya ndi ife tomwe, maluwa a pamanda asanafote.

Mundiperekere moni kwa alamu anga kumeneko, kwa Owen ndi kwa Faith, muwauze kuti azakhali awo akuwakumbukira m'mapemphero. Amayi a Chigwirizano a kumpingo kwathu akupereka moni, ndipo akuti akukupemphererani miyendoyo. Moni wa Nason sindinaupemphe.

Wotsiriza ndi wochokera ku Vubwi. Pondiperekeza, alamu a Jenipher anayenda nane pang'onopang'ono mpaka pamsewu, atatsamira phewa langa. Minibasi itaima anati, "Ukawapatse moni alamu anga." Kenako anadzigwira pakamwa, n'kuyang'ana pansi. Anati, "Pepa, ndazolowera. Ukangoti a Reuben. Sindikudziwa ngati ndikuloledwabe kuwatchula choncho."

Ndine mlongo wanu wosweka mtima,
Scholastica.