Kanyenya Amene Munkabwera Naye

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo. Papita miyezi isanu ndi inayi chikuperekezereni kumanda, ndipo nkhani zachuluka moti ndikapanda kuzilemba ndiyamba kuzisokoneza. Mukundidziwa, chinthu chikapanda kukhala papepala mtima wanga sukhazikika.

Ndiyambe ndi zabwino. Edina anachira bwino ku Mitundu, mwana wamkazi. Ndinapita ndi kabuku kanga kukafunsa anamwino za sikelo ndi katemera, mpaka Edina anandithamangitsa, amvekere, "Achimwene, mwabwera kudzaona mwana kapena kudzayendera chipatala?" Mwanayo watenga chipumi chanu. Chimanga tinakolola chambiri, nkhokwe yadzaza, koma mtedza unalowa chiswe. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi fisi anatenga. Makhadi a chipani onse pakhomo pano ali nawo, palibe amene akubwezedwa pachipata cha msika.

Nkhawa yanga ndi abambo. Amalume anakana kuwasudzula, anati munthu wakalambira pamudzi pano apitenso kuti. Koma sakudya, amayi. Lamba wawo ndaboola kale mabowo awiri atsopano. Kuchipatala anawayeza, sanapeze matenda. Edina akapha nkhuku, iwo amangopsontha msuzi n'kukankha mbale. Tsiku lina nditawakakamiza kwambiri, anandiyang'ana nati, "Laston, usandivutitse. Pakamwa panga pakufuna kanyenya uja ankabwera naye amayi ako."

Apo m'pamene tinazindikira kuti palibe mmodzi wa ife ankadziwa kumene munkamugula. Tomato wanu munkagulitsa lero ku Mitundu, tsiku lina ku Nathenje, nthawi zina mpaka ku Malingunde, ndipo pobwera munkatulutsa kaphukusi pansi pa dengu. Ine ndikapezeka kumudzi ndinkakana kulawa, ndinkayamba ndafunsa ngati mbuziyo inadindidwa chidindo cha boma. Inu munkangoseka n'kunena kuti, "Iwe udzafa ndi njala satifiketi ili m'manja."

Simunanameko. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuyendera misika pa ntchito yanga ya zaumoyo, ndipo sindinadyepo kanthu ka m'mbali mwa msewu. Ndimayenda ndi mazira owiritsa ndi tiyi wa mu fulasiki. Tsono taganizani munthu yemweyo akuyendayenda kufunafuna nyama yowotcha. Poyamba zinavuta, chifukwa owotcha akamva njinga yanga yamoto amabisa nyama pansi pa tebulo. Ndinayamba kuisiya patali njingayo n'kuvula jekete loyera.

Ku Mitundu kuli bambo wina amawotchera pa mgolo wodula pakati, kuseri kwa pokwerera basi. Nyama yake ndi yamafuta, yonunkhira bwino. Abambo anangoinunkhiza nati, "Si ameneyu." Ku Malingunde ndinagula yokazinga pa chiwaya, yankhumba, nditaitembenuza mbali zonse kuona ngati ilibe timatuza toyera ta nyongolotsi tija. Anati, "Amayi ako sanabwerepo ndi nkhumba." Ku Nathenje m'mbali mwa msewu waukulu kuli owotcha atatu, ndinagula kwa onse. Abambo anayesa nthuli imodzi, anailavula. "Ukufuna undimalize mano anayi atsalawa?"

Kunena zoona, amayi, ntchitoyi inayamba kundikoma. Sindinkadziwa kuti nyama yomweyi ya mbuzi imasiyana chotere malinga ndi dzanja la wowotcha. Wina amathira mchere isanapite pamoto, wina ikapsa. Wina amakupiza moto ndi katoni, wina amausiya uzinyeka pang'onopang'ono. Zaka zonsezi ndinkangoona ntchentche ndi ngalande.

Ndinatenga tsamba limodzi m'kabuku n'kulembapo zonse zimene abambo ndi Edina ankakumbukira. Nyamayo inali yambuzi nthawi zonse. Inali yofewa kwambiri. Utsi wake sunali wa makala. Inali ndi kowawasa ka ndimu, ndipo inkabwera m'tsamba la nthochi. Edina anawonjeza ziwiri. Anati munasiya kubwera nayo zaka ziwiri musanadwale, ndipo tonse tinkayesa kuti miyendo ndiyo yatopa. Anatinso Lachisanu simunkabwera nayo, munkati mwini wake wakapemphera.

Wopemphera Lachisanu, wosagwira nkhumba. Ndinadzimenya pachipumi kuti zanditengera milungu itatu.

Ndinabwerera ku Nathenje n'kufunsa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi mzikiti. Anati, "Mukunena Che Saidi. Anasiya kalekale, a zaumoyo anawatsekera." Kenaka anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka kumutu. "Kapenatu munali inu?"

Ndinali ine, amayi. Ndinapita ku ofesi, ndinatsegula fayilo, ndipo pepala ndinalipeza, lolembedwa ndi dzanja langa. Zifukwa ndinalemba zitatu: malowo anali pafupi ndi ngalande, moto unali wa zitsononkho m'malo mwa makala, ndipo nyama yaiwisi ankaisunga m'beseni ataikulunga m'masamba a papaya m'malo moiika m'bokosi la sefa. Pansi pa mawu akuti masamba ndinajambula mzere kawiri.

Che Saidi ndinawapeza pakhonde la sitolo ya mng'ono wawo, akukonza maambulera. Ndi bambo wamfupi, wa ndevu zaimvi. Anandizindikira ndisanapereke moni.

"Bwana dokotala, mwabwera kudzatseka maambulera? Ntchentche sizitera apa."

Ndinakhala pa benchi n'kuwafotokozera zonse. Nditatchula dzina lanu anaika ambulera pansi. "Nambewe wa tomato? Wamtali uja, woseka ndi mapewa?" Sanali atamva za maliro. Anatambasula manja, ananong'ona pemphero lawo.

"Masamba munawalemba kuti ndi uve aja," anatero, "ndiwo amafewetsa nyama. Ndikaikulunga m'mawa, pofika masana ngakhale wopanda mano amadya. Mayi anu tsiku loyamba anandiuza kuti mwamuna wanga mano atha koma mtima wa nyama sunathe. Ndiye ndinkawasungira ya pantchafu."

Amayi, ku koleji tinaphunzira zimenezi, kuti m'papaya muli madzi ofewetsa nyama. Funsolo linabwera pa mayeso ndipo ndinalikhoza. Koma nditaziona m'beseni sindinazizindikire.

Ndinafunsa ngati munadziwa amene anatseka. Che Saidi anaseka. "Anabwera patapita masiku atatu, ndinawaonetsa pepala lanu. Kuwerenga sankadziwa, koma analiyang'ana nati, dzanja ili ndalidziwa, ndi la mwana wanga. Ine ndinati ndiye kamuuzenitu. Iwo anati, musiyeni, ameneyu anayamba kuopa ntchentche asanayambe kuyenda."

Chifukwa chiyani simunandiuze? Zaka ziwiri ndinkabwera kumudzi, mukundiwiritsira mazira anga, mukundifunsa za ntchito, ine n'kumadzitama kuti misika yanga yayera. Abambo ali pomwepo akulimbana ndi mafupa a usipa. Kodi munkaopa kuti ndichita manyazi, kapena munkadikira kuti ndizindikire ndekha? Funsoli ndikuyenda nalo panjinga tsiku lililonse, ndipo yankho lake limasintha ndikafika pa mlatho.

Palinso china. Che Saidi akuti inu simunkangogula ya abambo. Akuti munkakhala pa njerwa, dengu lili pambali, n'kudya mitengo iwiri ya nyama pomwepo, yothira tsabola wa kambuzi mpaka misozi ili chuchuchu, mukuseka. Inu amene kunyumba munkati tsabola amakuotchani m'mimba. Ndakhala ndikuyesa kukuonani m'maganizo muli pa njerwa imeneyo. Ndi zingati zina zotere zimene munkachita panjira, ife tikuyesa kuti mwangopita kukagulitsa tomato?

Kuwabwezera pamoto Che Saidi sikunali kophweka. Lamulo ndinaliwerenga kanayi. Limati nyama ikhale m'bokosi la sefa, koma silinena kuti m'bokosimo musakhale masamba. Za zitsononkho silinenapo kanthu n'komwe, zinali zanga zowonjezera. Ndinapita kwa kalipentala, anakhoma bokosi lalikulu lokwana beseni lonse. Malo tinapeza pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi ngalande. Ndinalemba pepala latsopano, ndinadinda, ndinawapatsa.

Analipinda n'kuika m'chipewa. "Ndiwotcha. Koma woyamba kudya ndinu, bwana dokotala, pompano, anthu akuona. Mbiri yanga munaiipitsa pagulu."

Loweruka lapitali ndinadya. Mayi wa zitumbuwa uja anaitana anzake kudzaonerera. Ndinasamba m'manja kawiri, ndinayang'ana nthuliyo mbali zonse, mpaka wina anati, "Ikani m'kamwa, bwana, siluma." Amayi, nyama ija imasungunuka. Utsi wa zitsononkho uli ndi kafungo ka chimanga chowotcha, ndipo ndimu imabwera pambuyo pake. Kambuzi ndinakana. Ndinadikira masiku atatu kuti m'mimba muyambe, ndikulemba m'kabuku m'mawa uliwonse. Simunachitike kanthu.

Ya abambo Che Saidi anaikulunga okha m'tsamba la nthochi. Ndinathamanga nayo, abambo ndinawapeza pamphasa pansi pa mtengo wanu wa mapeyala. Anamasula tsambalo pang'onopang'ono, ananunkhiza, ndipo sananene kuti si ameneyu. Anadya nthuli yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza, ine ndi Edina titaima ngati alonda. Anapukuta zala pa tsamba lija, nandiyang'ana.

"Wazizira," anatero. "Amayi ako ankafika naye wofunda."

Kenaka anauza Edina kuti aikepo madzi a nsima, nyama yokha sikhalitsa m'mimba.

Ndayang'ana lamba uja lero, akadali pa bowo lomwelo, koma ndiziyang'anabe. Chimene chikundizunguza mutu tsopano ndi ichi: ine ndili ndi njinga yamoto, inu munali ndi miyendo ndi dengu pamutu, mtunda womwewo. Munkatani kuti afike wofunda? Edina akuganiza kuti munkamufunditsa ndi chitenje. Che Saidi akuti anakuonanipo mukutola kamwala m'mbali mwa moto, koma sanafunse. Ndayesa chitenje, sichinathandize. Loweruka likubwerali ndiyesa mwala.

Ndikulonjeza kuti abambo sadzasowanso kanyenya wawo, kupatula Lachisanu, ndipo sindisiya kuyesa mpaka tsiku limene adzamasula tsamba n'kusowa chodandaula. Tsiku limenelo ndidzakhala pa njerwa yanu ija, ndidzathire kambuzi.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu woopa ntchentche,
Laston