Dzina Limene Sindinam'patse Mwana

Killimer, ku Clare
Juni, 1833

Achimwene anga a Darby,

Landirani moni kuchokera tsidya lino la mtsinje wa Shannon, kumene simukundiyembekeza. Kodi muli bwanji kumeneko kutsidya la nyanja ku Albany, inu ndi alamu a Sive ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Munati ku ngalande ya mabwato mumagwira ntchito madzi ali m'chiuno. Muzivula nsapato ziume, musamagone nazo.

Ife tili moyo. Amayi ndinawasiya ali bwino kwa mlongo wathu ku Loghill. Ine nthiti zikundilasa ndikamapuma, koma fosholo ndikugwira.

Nkhani yabwino ndi yakuti mkazi wanga Honora anachira, mwana wamwamuna. Ali ndi tsitsi lakuda ngati la malemu bambo, ndipo akuyamwa bwino. Zotsalazi muwerenge mutakhala pansi.

Mwana atangobadwa kunabwera bambo aakulu a Malachy. Anthu ena ankabwera ndi mazira. Iwo anabwera ndi ndodo yaminga yongodula kumene, anaipaka batala wathu yemwe, n'kuilowetsa m'chumuni kuti iziuma ndi utsi mpaka mwanayo adzakule. Anati nayo ndodo ya Thady wamng'ono.

Ndinati mwana sanabatizidwe, dzina alibe. Anandiyang'ana ngati ndalavula m'tchalitchi. Akuti mwana woyamba wamwamuna amatenga dzina la bambo a bambo wake, zimenezo safunsa munthu, ndipo Thady Culhane wina wawonjezeka, a Mangan m'mimba muwapote. Ankanena zimenezi Honora ali gone pomwepo, iye wobadwa kwa a Mangan.

Kenako anayamba nyimbo yawo ya masiku onse ija, yoti tonse tinachokera kwa munthu mmodzi, Cathalán, amene anawoloka mtsinje ndi ng'ombe imodzi ndi chigulu cha ana aamuna. Akuti lero kuchokera ku Loghill mpaka ku Tarbert, ukaponya mwala ugwera padenga la Culhane. Pamenepo sananame. Inu munachoka tili ambiri, pano tachuluka kuposa akhwangwala. Ukaitana kuti Culhane pamsika, theka la anthu limatembenuka. Ndiye pali Ofiira, Akuda, a pa Mlatho, a Mbuzi, ndipo mayina owonjezerawo ayambanso kuperewera.

Ndinawafunsa chimene ndimawafunsa nthawi zonse, kuti kodi ndi a Mangan tinayambana chiyani. Anati ng'ombe yamphongo. Chaka chatha anati mpanda.

Chimene anadzera kwenikweni chinali msika wa Meyi ku Glin. Anati nyumba iliyonse ya dzina lathu itulutse mwamuna ndi ndodo. Ndinati mkazi wanga sanadzuke n'komwe. Anati nyumba imene situlutsa ndodo imatulutsa utsi. Mukuwadziwa, samwetulira akamanena zoterezi. Ndinapita.

Ng'ombe zitatha kugulitsidwa, anthu atamwa, a Malachy anavula jasi n'kumalikoka m'matope pakati pa msewu. Ankafuula kuti kodi alipo Mangan wobadwa kwa mkazi woti aponde jasi ili, kapena onse anabadwa kwa nkhosa? Anayankha ndi mlamu wanga Felim, mlongo wake wamng'ono wa Honora, uja munamusiya akuweta ana a ng'ombe. Anati madala, jasi limenelo ngakhale nkhumba yanga singaponde, ingatengepo nsabwe. Anthu anaseka, athu omwe. Kenako Felim analiponda.

Achimwene, si ndewu ija munkaidziwa inu, yoti munthu akagwa umamusiya. Zimenezo zinatha. Ndodo zinalira ngati akupuntha tirigu. Akazi anavula masokosi n'kuikamo miyala. Ndinaona apongozi anga a Nance akum'menya nayo mnyamata wa kwa Akuda pakhutu, magazi n'kutsikira m'malaya. Bambo Mfumu analowa pakati ali pahatchi, chikwapu m'manja, koma mwala unagunda hatchi, iwo n'kugwa, mwendo n'kuthyoka. Palibe anaima kuti awadzutse.

Wina anandipatsa chibonga m'nthiti, sindinamuone. Ndinagwera pansi pa ngolo. Ndili pamenepo ndinaona Felim atagwada, ndodo yake itathyoka, manja ali kumutu. Thady Wofiira anam'menya pachipumi. Anabwereza. Atabwerezanso kulira kwake kunali kwina, ngati mtsuko ukusweka.

Ndinakwawa mpaka ndinam'gwira. Mutu unali wofewa m'manja mwanga. Anandizindikira, anati alamu, chipewa changa chili kuti, ndi chatsopano chimenecho. Dzuwa lisanalowe anali atapita.

Apolisi anabwera kudzagwira Thady Culhane, poti ndi dzina limene anthu ankanong'ona. Inu werengani nokha a Thady Culhane a m'parishi mwathu. A Malachy anawasonkhanitsa onse pabwalo, kuyambira nkhalamba yosaona ya kwa a Mbuzi mpaka wopunduka wa pa Mlatho, Wofiira ali pakati pawo. Aliyense akuti ndine pano bwana, mwati ndatani? Palibe analoza chala. Inenso sindinaloze, ndikanaloza bwenzi mukuwerenga kalata ya maliro anga. Apolisi anabwerera chimanjamanja. A Malachy anagulira anthu mowa, akuti dzina latibisa ngati nkhalango.

A Mangan anati chabwino, poti boma lalephera kusankha mmodzi, alipira onse. Nkhalamba yosaona ija anaipeza ikuwothera dzuwa, anaithyola manja onse awiri. Wa pa Mlatho anam'ponya mumtsinje, anavuulidwa ndi akazi ochapa.

Kwathu anabwera masana, ine ndikukwezera mbatatesi. Anali apongozi ndi ana aamuna awiri a mlongo wawo. Anyamatawo anandipanikiza kukhoma, mpini wa fosholo yanga uli pakhosi. Chitseko chinali chotsegula, ndinaona zonse.

Apongozi anapisa mkono m'chumuni n'kusolola ndodo ija. Anati iwe Honora, mlongo wako sanawole n'komwe, iwe uli pano kuumitsa ndodo yodzaphera ana a abale ako? Honora anati amayi, sindinaiikemo ine. Anam'menya nayo pakamwa. Honora anaweramira mwana. Ndodo yachiwiri inagwera paphewa lake, kamutu ka mwana kali pomwepo. Ikanatsetsereka pang'ono chabe, achimwene.

Potuluka anaima pamaso panga. Anati akamwini, mvetsetsani. Mwana ameneyu akatuluka m'tchalitchi ali Thady Culhane, kunyumba kuno safika. Mum'tche Felim, mutipatse tikalere kwathu, alowe m'malo mwa amene mwatiphera. Ndinafuna kunena kuti ine ndi amene ndinagwira mutu wa Felim, koma mpini unali pakhosi.

Dzuwa lisanapendeke a Malachy anali atamva. Anabwera akuseka. Anati zakoma, Lamulungu mwanayu tim'perekeza kutchalitchi ndi ndodo zonse za dzina lathu, a Mangan abwere adzaimbe nawo. Ndinati bambo, mwana akhala pakati pa miyala. Anati Culhane wobatizidwa ndodo zikulira saopa kanthu moyo wake wonse. Anayang'ana milomo yotupa ya Honora, anati mayi, mwaona kukoma mtima kwa kwanu?

Mwina mukuti bwanji osadikira zizizire. Sindikanatha. Mwana anali atayamba kutsokomola. Akanati atisiye wosabatizidwa, akanakaikidwa kumchenga kuja kumene amaika makanda, kopanda wansembe, kopanda mtanda. Bambo Mfumu anali gone ndi mwendo wawo, ndipo wansembe wobwereka ankangobwera Lamulungu kudzachita Misa basi. Njira inali imodzi, ya pakhomo la tchalitchi, ndipo mbali zonse ziwiri zinkadziwa.

Ndinam'funsa Honora maganizo ake. Kulankhula kunkamuvuta. Anati wataya kale mlongo, sapereka mwana kwa amayi ake kapena kwa a Malachy, ndipo ngati ndilibe nzeru ndimuuze apeze yekha.

Lamulungu m'mawa anthu onse anakwera kutchalitchi. Tinkawaona pamsewu, athu mbali iyi, a Mangan mbali iyo, ndodo zili m'manja, akazi atanyamula masokosi. Ife tinatsika ndi ngalande ya kuseri kwa munda, chowerama. Mwana ndinamuika m'dengu lonyamulira dothi la moto, lija timasonkhezera m'malo mwa nkhuni, n'kufunditsa thumba, n'kubereka kumsana. Njira yonse ndinkapemphera kuti asalire. Analira kamodzi, Honora anamuika chala m'kamwa.

Kugombe kunali bwato la a Simon Keane, munthu wa ku Clare amene amawolotsa dothi la moto. Sindinkawadziwa. Anayang'ana nkhope ya Honora, anayang'ana dengu likugwedezeka, anati katundu wotere salipiritsa, kwerani msanga madzi asanabwerere.

Tili pakati pa mtsinje tinaona utsi ku Kilteery, pamalo pa nyumba yathu. Denga linapsa msanga, udzu unali wouma. Nkhumba tinaisiya m'kati. Honora anandifunsa kuti ayatsa ndi akwanu kapena akwathu. Ndinati sindikudziwa. Mpaka lero sindikudziwa, ndipo ndasiya kufunsa.

Wansembe wa kuno anam'batiza tsiku lomwelo. Atafunsa dzina ndinati Simon.

Ndi chimenecho ndimafuna mumve kwa ine, musamve kwa ena. Dzina la bambo, Thady, ndalidumpha. Ndikudziwa kuti inu muli ndi ana aakazi okhaokha ndipo munkayembekeza kuti dzinalo lidzuka kwa ine. Bambo anali munthu wabwino, sanandimenyepo popanda chifukwa. Koma bambo ali m'manda, ndodo siingawapeze. Mukwiye ngati mukufuna, mukadzamuona mwanayo mudzandiuze ngati ndinalakwa.

Wansembe anafunsanso chiwongo. Ndinaganiza zonama, koma pamaso pa madzi odalitsidwa sindikanatha. Nditati Culhane anaseka, anati inunso? Akuti kumtunda kwa parishi yawo kuli kale mabanja angapo a dzina lathu, makolo awo anawoloka kalekale pothawa ndewu inanso. Sabata isanathe mmodzi wa iwo anabwera kudzandilonjera. Anati m'bale wanga, ndinu wa Ofiira kapena Akuda, nanga tsidya ilo chaka chino munagwetsa angati? Munthu wosangalala, wopanda choipa mumtima. Koma pakamwa pake ndi potsegula, ndipo mabwato amawoloka tsiku lililonse. Kuno sitikhalitsa.

A Simon andipezera ntchito yokweza katundu padoko la Kilrush. Tikugona m'khola mwawo, ndi mouma. Chifuwa cha mwana chatsika. Zikayenda, tikwera sitima ya matabwa yopita ku Quebec, kutsidya kwanuko, chilimwe chisanathe.

Tsopano pempho langa. M'kalata yanu ya Khirisimasi munanyadira kuti ku Albany a Culhane mwadzaza msewu wonse, ena ali ku Boston, ena ku Troy, ndipo a Mangan nawonso afika ku ngalande, munawathamangitsa pa tsiku la Patrick Woyera. Nthawi imeneyo ndinawawerengera a Malachy, anavina. Lero mawu amenewo akundisowetsa tulo. Sindingawoloke nyanja yonseyo ndi khanda kuti ndikapeze msika wa ku Glin ukundidikira.

Musauze aliyense wa mumsewu mwanumo kuti tikubwera. Musatichingamire ndi gulu. Funsani kwa anthu a mabwato a m'ngalande, amene amafika kutali kumtunda, ngati kuli malo kumene ungaitane kuti Culhane, kapena kuti Mangan, popanda wotembenuka. Sindikufuna zambiri. Pakhale ntchito ya fosholo, pakhale mkaka wa ng'ombe, ndi wansembe woti munthu n'kumufikira wapansi. Kuzizira sindikuopa.

Ngati malo otero kulibe, ngati tafika kale paliponse, mundiuze zoona, musandinyengerere. Ndidzadziwa chochita ndi theka la dzina limene lam'tsalira mwanayu, la Culhane lija.

Yankho mutumize kwa a Simon Keane, padoko la Kilrush. Pamwamba pake musalembe dzina langa.

Mulungu ndi Amayi Maria akusungeni m'madzi mmene mukugwiramo ntchito. Mundiperekere moni kwa alamu a Sive, muwapsompsone atsikana anu onse. Honora akupereka moni, milomo yapola koma dzino limodzi linachoka. Abale ena onse a mumsewumo musawapatse moni wanga.

Ndine mng'ono wanu,
Murty, bambo a Simon