Kuthamangira maliro kukundilanditsa thandizo la fizi

Aphungu,

Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndikuphunzira unamwino. Amandilipirira fizi ndi bungwe lina lothandiza atsikana, koma lamulo lawo ndi lakuti malikisi anga asatsike pa 60. Teremu yathayi ndinapeza 52. Andichenjeza kuti zikachitikanso andisiya.

Sikuti ndine mbuli kapena woyendayenda ayi. Kwathu ku Chia ndife Asilamu, maliro sagona: munthu akamwalira m'mawa, madzulo waikidwa. Ndiye amalume anga a Sufiyani akangoimba foni, ndimathamangira minibasi osatsanzika n'komwe aphunzitsi. Kenako pamabwera sadaka, ndipitenso kukathandiza kuphika mpunga. Mayeso awiri a m'kati mwa teremu anandidutsa choncho. Tsiku lina nditayesa kukana, amalume anati, "Ha! Sukuluyo yayamba kukupatsa matama eti? Ife tikadzafa udzangotumiza meseji?"

Manyazi akundipha, Aphungu. Mayi amauza aliyense pamsika pomwe amagulitsa nsomba kuti mwana wawo ndi nambala wani. Akandifunsa ndimangoti zonse zili bwino. Tsopano sadaka ya malemu azakhali anga yagwera sabata ya mayeso omaliza. Nditani ine?

Z.U., Chia, Nkhotakota

Z.U. mwanangu,

Kusadakako usapite. Mpunga ukapsa popanda iwe, koma mayesowo palibe amene akakulembere.

Ulemu uli nawo, ndakuyamikira. Koma wadzipweteka wekha pochoka osatsanzika, ndiponso pobisira mayi ako. Mawa lomwe pita kwa mkulu woona za ophunzira, ukafotokoze monga wandifotokozera inemu, ufunsenso ngati pali mwayi wolemba mayeso anakudutsa aja. Abungwewo uwauze wekha chimene chinatsitsa malikisi ako, asamvere kwa ena.

Ukatero imbira mayi, uwauze 52 yakoyo osazungulira. Akhumudwa, mwina alira, koma ndi iwo angakulankhulire kwa mlongo wawo. Iwe kulimbana ndi amalume sungathe. Akavuta, mayi apemphe ashehe adzakhalepo. Dua, pemphero lowapempherera azakhali, uchitire kusukulu komweko, ndipo mugwirizane kuti uzibwera pa maliro a m'nyumba mwenimweni okha, utatsanzika.

Chenjera, mwanangu. Thandizoli likakupulumuka, amalume sadzakulipirira fizi. Omwe akukuitana lerowo ndi amene adzayambe kufunsana ukamadutsa kuti, "Kodi uja amati adzakhala nesiyu akutaninso kumudzi kuno?"

Aphungu