Amalume Asadzafinye Kumanja

Joni,
Okutobala 1985

Okondedwa achemwali a Zaina,

Salaamu aleikumu. Muli bwanji kumeneko ku Nselema, pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kudimba? Ine kuno ndili bwino, koma thupi lokha.

Nkhani ndi ya achimwene athu a Hamadi. Paja ndinakulemberani kuti akudandaula m'mimba, ife n'kumati ndi chakudya cha kukomponi. Sichinali chakudya iyayi. Madokotala anawapeza ndi chotupa pachiwindi, ndipo anati njira ndi imodzi yokha, kuwang'amba n'kudula mbali yodwalayo. Ine ndinakana, ndinati munthu si mbuzi ya pa Idi yoti azigawana chiwindi chake. Koma achimwene mukuwadziwa, akanena anena. Dokotala atawauza kuti chiwindi chimaphukanso chikadulidwa, anaseka n'kunena kuti ndiye kuti iwo ndi chitsa cha bulugamu.

Anawang'amba, ndipo anatsitsimuka. Funso lawo loyamba linali la chidutswa chija, ankafuna tikachikwirire monga mwa Chisilamu. Madokotala anatiyankha kuti anapita nacho kokayeza, ndipo sitinachionenso. Achimwene anangoti basi, mbali ina yatsogola.

Kwa kanthawi zinkaoneka ngati zikuyenda. Anayamba kumwa phala, kuyenda pakhonde la chipatala, mpaka kundinyoza kuti tiyi wanga ndi madzi otsukira mbale. Kenako maso anachita chikasu, mimba inayamba kudzaza madzi. Bala nalo silinapole. Likuyambira pachifuwa n'kukhotera kumanja, m'munsi mwa nthiti, ndipo pena likuchucha. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti matenda afika kale kumbali yotsalayo, palibenso choti adule. Achemwali, sindikubisirani, ndinalira pamaso pa mzungu.

Kampani ya mgodi yavomera kuwabweza kumudzi. Ine andikaniza kuwaperekeza poti kontalakiti yanga sinathe, choncho abwera ndi a Enock a ku Ngokwe, anzathu amene yawo yatha. Tsiku lake ndidzatumiza telegalamu. Alamu akawalandire pa siteshoni ya Balaka, atenge mphasa ndi bulangete chifukwa kukhala tsonga akulephera. Asaiwale khadi la chipani, anyamata aja angawabweze panjira wodwala n'kutsala yekha.

Tsopano pempho, ndipo si langa, ndi la eni ake. Mukudziwa kuti amalume a Sufiyani ndiwo amasambitsa maliro a amuna kwathuko, ndipo posambitsa amafinya mimba kuti munthu apite woyera. Achimwene anakhala akuwathirira madzi pa ntchito imeneyi asanabwere kuno, ndiye manja a amalume amawadziwa kulimba kwake. Lachisanu titachoka koswali ndinakawaona, ndipo anandigwira mkono n'kundiuza kuti imfa sakuiopa, imeneyo ndi ya Mwini wake. Chimene chikuwasowetsa mtendere n'chakuti amalume akadzafinya mwa nthawi zonse, bala lidzatseguka, adzaipitsa sanda yowakulungira pamaso pa anthu.

Ndiye mupite kwa amalume, muwauze zimenezi achimwene asanafike. Tsikulo likadzakwana inu simudzalowa nawo kosambitsirako, ine ndidzakhala kuno, ndipo mwini thupi sadzatha kudzinenera. Amalume adzangodutsitse dzanja pang'onopang'ono, kumanja asadzafinye. Muwauzenso kuti akadzaona balalo asadzadzidzimuke, kapena kulola anthu kumanong'ona kuti azungu anaba ziwalo za mwana wa mlongo wawo. Achimwene anavomera okha kung'ambidwa, ine ndili pomwepo.

Ndikudziwa kuti n'zolaula kukonza za maliro munthu ali moyo, ndipo amalume akhoza kukukalipirani. Mupirire, muwawerengere kalatayi. Amayi okha musawauze zimenezi. Ayambe amulandira mwana wawo, amuphikire chimene angathe kumeza.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi akazi awo, kwa alamu ndi ana onse. Kwa alamu athu a Kulusumu muwauze kuti amuna awo akubwera, zinazo adzaona okha. Achimwene ankafuna kulembako mawu pansipa, koma alephera kugwira cholembera. Angoti ndikuuzeni kuti kupita osakwanira avomera, koma apite bala lili lotseka.

Allah akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Uladi