Moni Wanga Wandidyera Tchuthi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno kunenepa kokhakokha, moti mpando wa mu ofesi wayamba kudandaula.

Koma Amayi, mwandipalamulitsa. Munandilera kuti munthu sayamba nkhani asanapereke moni. Ndiye popempha tchuthi cha ukwati wa mzime wathu, ndinalembera abwana imelo, kalata ya pa kompyuta ija. Pamwamba pake pamakhala kamzere ka mutu wa nkhani, ndipo ndi kokhako kamene munthu amaona asanatsegule. Ine ndi ulemu wanga ndinalembapo kuti moni bwana, mwadzuka bwanji. M'katimo ndinayala mawu oti ngakhale mwala ukanagwetsa misozi.

Sabata zitatu, zii. Ndinatumiza ina, kuwonjezerapo kuti kunyumba ali bwanji. Zii.

Nditakadandaula kwa asekilitale, anaseka mpaka kuvula magalasi. Akuti abwana amalandira maimelo mazanamazana pa tsiku, ndipo a moni okhaokha amawasungira tsiku lopanda ntchito, lomwe silibwera. Akuti pa kamzereko uzilemba chomwe ukufuna, masiku ake ndi tsiku loti akuyankhe, basi. Ndinawafunsa ngati iwowo analeredwa ndi anthu. Anangobwera pa kompyuta yanga, kundichotsa pampando n'kulemba okha kuti pempho la tchuthi, pa 12 mpaka pa 16, ukwati wa mlongo wanga, yankho pofika Lachisanu. Ngati ukutuma mwana. Tiyi wanga asanazizire, yankho linali litafika.

Koma madzi anali atatayika kale. Sabata imeneyo anaipereka kwa adalaivala athu, munthu woti sapereka moni ngakhale kwa apongozi ake. Ine, wosenza kampani yonseyi pamutu, andipatsa masiku awiri okha.

Choncho ndifika pa tsiku la ukwati lenilenilo, ndi basi yoyamba. Chonde, mwayi woyankhula m'malo mwa banja musaupereke kwa amalume. Mawu anga ndawayeseza pagalasi miyezi iwiri, ndipo anthu akalira. Ndikachedwa, kwaya ibwereze nyimbo.

Moni kwa abambo, azakhali, amalume omwewo, ndi mkwatibwi wathu. Mumuuze asakwiye nane.

Mwaona, pempho ndaliikanso kumapeto. Asekilitale asamve. Padziko lonse ndinu nokha amene mumandiwerenga mpaka pansi.

Ndine mwana wanu wolongolola uja,
Kamlomo